Nthochi m'Malo mwa Enelesi

Phiri lathu lili ndi bala. Bala lofiira psuu, lotsika kuchokera pamwamba mpaka pamene panali mudzi wathu, ndipo dzuwa likatuluka limawala pabalapo ngati palibe chachitika. Dzuwa lopanda manyazi. Mvula itagwa usana ndi usiku osapumira, phiri linasanza matope ndi miyala, miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo mwana wanga Enelesi ali pansi pake, penapake, sindidziwa pati.

Tinakumba. Tinakumba ndi makasu, tinakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Anzathu anapeza awo, anawasambitsa, anawaika. Ine ndinapeza mtondo wong'ambika ndi mbuzi yakufa ya eni.

Lero achimwene anga, a Nakhumwa, adula thunthu la nthochi. Ndi mwambo wakwathu: mtembo ukasowa, timaika nthochi m'manda kuti maliro achoke pakhomo. Aliyeza ndi maso, msinkhu wa mtsikana wongotha kumene msinkhu, alikulunga m'nsalu yoyera mbee.

"Achemwali, limbani mtima," akutero. "Tiike basi, mzimu wa mwana ugone."

Ndilimbe mtima! Ine wa Mvano, ine amene ndaimba pa maliro a mudzi wonse, duku loyera kumutu, kuuza amayi anzanga kuti Mulungu salakwitsa. Pakamwa panga panali popepuka masiku amenewo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambiwu ndinkangounena osaulawa.

Ndakwiya. Ndakwiya ndi phiri, ndakwiya ndi mvula, ndakwiya ndi amene akuti kwadutsa Napolo, ndi amene akunong'ona kuti mudzi wathu unachimwa. Anachimwa chiyani Enelesi, mwana woti Lamulungu lililonse ankalawirira kukasesa m'tchalitchi asanalawe kanthu? Koma koposa onse ndakwiya ndi Inu, Ambuye. Inu mwini mvula. Inu amene munaumba phirili n'kuliimika pamwamba pa mitu yathu. Kupemphera ndinaleka tsiku lomwelo, pakamwa panangoti gwa. Ndikuopa kuti dzenje ili likwirira zinthu ziwiri, nthochi ndi chikhulupiriro changa.

Kumanda dothi ndi lonyowa, lomata kumapazi. Kumwamba kwachitanso bii, sikunakhute. Adzukulu atsitsa bokosi mwaulemu, maso pansi, ngati sadziwa zimene zili m'katimo. Abusa akuti tinene pamodzi chikhulupiriro chathu, ndipo anthu ayamba ndi mawu otopa. Atate wamphamvu zonse: ine duu. Mphamvuzo ndaziona, si izo zili paphiripo? Wolenga kumwamba ndi dziko lapansi: ine duu. Anafa, naikidwa m'manda: eya, Mwana wanu anapeza manda, amake anamuona thupi, anthu anamukulunga bwinobwino. Wanga ayi.

Kenaka afika pa mawu aja, kuuka kwa thupi. Thupi lake liti? Idzauka nthochi? Magazi andiwira, mawu atuluka okha, ndakuwa mpaka abusa adukiza, amayi a Mvano andigwira m'mapewa poyesa mutu wazungulira.

"Kuuka kwa thupi! Thupi, abusa, osati nthochi!"

Sindinanene chifukwa mtima wakhala pansi. Sunakhale. Ndanena chifukwa ndikawataya mawu amenewa, Enelesi ndi wa matope mpaka muyaya, ndiye kuti phiri lapambana. Zimenezo sindilola. Munalonjeza, Ambuye, munalonjeza nokha popanda wokukakamizani, ndipo ndakukakamirani ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Sasani mutu mmene mungathere, sindichoka.

Tsono tsikulo likadzafika, lipenga likadzalira, musadzataye nthawi pamanda pano, muno mulibe munthu. Mudzapite kubala lofiiralo. Mudzakunkhunize miyala yanuyo umodziumodzi, mudzakumbe ndi manja anu monga ndinakumbira ine, mudzamutulutse yense, ndi kachipsera kake ka pabondo komwe. Mudzandipeza nditaima pomwepo, chitenje chouma chili m'manja, chifukwa mwanayo adzakhala akumva kuzizira.