Kondakitala wa M'ndege ya ku London

Viza itatuluka, Consolata anasangalala kwa mphindi zisanu zokha. Kenako anayang'ana ana ake awiri pakapeti, thukuta n'kuyamba. Mayankho, wa zaka zitatu, ankayesa kumuveka mlongo wake beseni kumutu. Lisa, wa miyezi isanu ndi iwiri, ankangoseka dovu lili chuchuchu. Awa ndiwo anthu amene amayenera kuyenda nawo yekha kuchoka ku Area 47 mpaka ku London, kumene mwamuna wake Maynard ankamaliza maphunziro atakhalako pafupifupi chaka.

Loweruka Consolata anapita kukaunjika m'tauni ndi aManess, mayi wa ku Nathenje amene ankawathandiza ntchito pakhomo. Anapeza chijasi chochindikala chimene Mayankho atavala ankaoneka ngati thumba la makala lomera miyendo. Consolata anagulanso kachikwama koberekera mwana kutsogolo, ka malamba ndi zomangira zisanu ndi chimodzi.

"Madamu, kanthu aka n'ka mwana kapena ka ng'ombe yapangolo?" anafunsa aManess.

"N'zamakono, aManess. Kunjaku amabereka chonchi."

AManess sanatsutse. Koma tsiku la ulendo, ali pabwalo la ndege ku Lumbadzi, anatenga chitenje chawo n'kuchikankhira m'chikwama cham'manja cha Consolata, pakati pa mapampasi ndi mabotolo.

M'ndege, Mayankho anakhala kuwindo, Consolata pakati Lisa ali pamiyendo, ndipo chakunjira kunakhala bambo wachikulire wa suti yotuwa ndi tayi yofiira. Bamboyo anayang'ana anawo mmene munthu amayang'anira mitambo atayanika chimanga.

"Ndine Zikhale, wa ku Area 15," anatero. "Ndikukaona mwana wanga ku London. Ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zisanu, mayi. Za ana ndinathana nazo."

"Awa ndi ofatsa, bambo," anatero Consolata, mawu ake osamveka bwino.

Asanatseke pakamwa, Mayankho anali ataimirira pampando. Mwanayu ankakonda kutsagana ndi aManess kumsika paminibasi, ndipo pa anthu onse a dziko lapansi, iye ankasirira kondakitala.

"London! London! Mmodzi wotsala!" anakuwa, akumenya windo ndi chikhatho. Anaona mzungu wina wonenepa atakhala pafupi ndi mpando wopanda munthu. "Sunthani abwana, pamenepo ndi anayianayi!"

Amalawi onse amene anali pafupi anafa nacho chiseko. Mzunguyo anangomwetulira osadziwa mlandu wake. AZikhale anatsegula nyuzipepala n'kubisamo nkhope.

Ndege itayamba kuthamanga, kondakitala anakhala pansi msangamsanga. Itanyamuka, anasuzumira pawindo, minda ya ku Lumbadzi ikucheperachepera pansi.

"Amami," ananong'ona, "adalaivala asiya msewu."

Ola loyamba linadutsa bwino. Lisa anayamwa n'kugona. Koma chakudya chitangoikidwa patebulo, Mayankho anagwira kabudula.

"Ndikufuna kukodza."

"Dikira pang'ono."

"Akubwera okha."

Consolata anayang'ana mbale, anayang'ana khanda, kenako anayang'ana nyuzipepala ija.

"Bambo, pepani. Tandigwirirani kaye."

"Mayi, ine ndati..."

Lisa anali kale m'manja mwawo. Anamugwira patali ndi chifuwa, ngati thireyi ya mazira a eni.

Kuchimbudzi zonse zinayenda bwino mpaka Mayankho anaona batani n'kulidina. Chimbudzi chinalira ngati chikufuna kumeza ndege yonse. Mwana anatsegula chitseko n'kuliyatsa liwiro m'kanjira, kabudula ali m'manja mwa amake.

"Muli chilombo! Pali wotsika! Pali wotsika!"

Consolata anamugwira pa mzere wachisanu ndi chiwiri, akupepesa kumanja ndi kumanzere m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Atabwerera pamalo pawo, anapeza Lisa atadzuka, atabwezera mkaka pa tayi yofiira ija kuyambira pamfundo mpaka kunsonga. Koma aZikhale sankaoneka kuti adziwa. Anali atamukhazika pabondo, akumuimbira motsitsa mawu:

"Thu thayimusi wanu, thu. Thu thayimusi thu, folo."

Lisa ankaseka nkhama zonse pamtunda.

"Ameneyu mutu ulipo," anatero aZikhale mosaseka. "Ndaphunzitsapo a Fomu 4 amene sankamvetsera chonchi."

Ku Addis Ababa anayenera kusintha ndege, ndipo nthawi inali yochepa. Consolata anatulutsa kachikwama kamakono kaja. Anamanga lamba uyu, uyo n'kumasuka. Anamanga uyo, mwendo wa Lisa n'kutulukira potulukira mkono. AZikhale anavala magalasi n'kuwerenga kapepala ka malangizo, kenako anagamula kuti amene anakalemba sanakhoze mayeso. Consolata anapisa dzanja m'chikwama, anasolola chitenje cha aManess, anawerama, n'kuponya mwana kumsana. Mfundo imodzi pachifuwa, nkhani inathera pomwepo. Mayi wina wachikuda wa ku Amereka anaima n'kufunsa kuti chinthu chimenechi amagulitsa sitolo iti.

Atayenda pang'ono, Mayankho anagona chafufumimba pakati pa njira, anthu a masutikesi akumulambalala.

"Ndatopa. Miyendo yatha mafuta."

"Mayankho, dzuka, ndege itisiya!"

AZikhale anakonza pakhosi n'kutulutsa mawu a pa asembule. "Mnyamata! Imirira msanga!"

Mnyamata sanasunthe ngakhale chala. Mphunzitsiyo anaima kaye, akuganiza. Kenako anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kunena chapansipansi:

"Akondakitala, galimoto yadzaza. Tinyamuke opanda inu?"

Mayankho anadzambatuka. Anakwera pa sutikesi ya matayala ya aZikhale, n'kugwira chogwirira ndi manja awiri. Nkhalamba inakoka, mwana akukuwa kuti anthu apatuke, Consolata akuthamanga pambuyo khanda likudumphadumpha kumsana. Anali omaliza kulowa.

Mu ndege yachiwiriyi mpando wa aZikhale unali kutsogolo, kutali ndi ana. Consolata anawatsanzika ndi kuwathokoza. Koma ndege isananyamuke anawaona akubwera, akukambirana ndi mnyamata wa ku Nigeria amene anakhala pambali pake kuti asinthane malo.

"Kutsogoloko kukuzizira," anatero pokhala pansi, osamuyang'ana.

Ulendo uwu ndiwo unali wautali. Makutu a Lisa anayamba kupweteka ndipo analira maola awiri osapuma. Bere analikana, botolo analikankha, ngakhale thu thayimusi thu inakanika. Consolata anayenda naye m'kanjira kupita ndi kubwerera mpaka anadziwa nkhope ya aliyense, ndi amene ankamumvera chisoni, ndi amene ankatseka makutu ndi pilo. Atafika kumbuyo kwenikweni, kumene amakonzera zakudya, misozi inayamba kutsika yokha. Mtsikana wina wogwira ntchito m'ndegemo anamuona. Anamupatsa kapu ya tiyi wa shuga wambiri, n'kutenga Lisa, n'kumamuyendetsa akumuimbira m'chinenero chakwawo. Mwana anagona tiyi asanathe.

Pobwerera kumpando anapeza Mayankho atagona pamiyendo ya aZikhale, atafunda jekete la suti. AZikhalewo anali maso, atakhala chowongoka, dzanja limodzi litachita dzanzi pansi pa mutu wa mwanayo.

"Musamudzutse," anatero. "Ndamufotokozera za mafulakishoni."

Anatera ku London m'mawa, kunja kuli mtambo wotuwa ngati phulusa. Atadutsa mizere yonse ndi kutenga katundu, zitseko zinatseguka, ndipo Maynard anali pomwepo, maluwa m'manja, ndevu zitamera. Anakumbatira mkazi wake, anapsompsona Lisa amene ankamuona koyamba ndi maso, kenako anagwada n'kutambasula manja.

"Mayankho! Bwera kwa adadi!"

Mayankho anabisala kuseri kwa mwendo wa aZikhale.

"Awa si adadi."

"Ndi adadi ako, iwe," anatero Consolata.

"Ayi. Adadi anga ndi aang'ono chonchi." Anaonetsa ndi zala. "Amakhala m'foni."

Nkhope ya Maynard inagwa. Anayesa kumuonetsa chokoleti, mwana anakana. Anayesa kumuitana ndi dzina lapakhomo, mwana anakanirira thalauza la nkhalamba.

"Achimwene, aimbireni foni," anatero aZikhale.

Maynard anatulutsa foni yake n'kuimba pavidiyo, ataima mapazi atatu okha kuchokera pamene anali mkazi wake. Consolata anayankha n'kumupatsa mwana.

"Adadi!" anakuwa Mayankho. "Tafika! Chimbudzi chinafuna kundidya!"

"Ndiye ukundiona, mwana wanga?"

"Eee. Koma kuno kuli abambo ena akuti ndi inu."

"Tawayang'ana bwinobwino."

Mayankho anayang'ana pafoni, anakweza maso, anayang'ananso pafoni. Anayandikira pang'onopang'ono n'kukoka ndevu za bamboyo kuti aone ngati za m'fonimo zisuntha. Zinasuntha. Anaponya foni pansi n'kudumphira m'khosi mwa bambo ake.

Mwana wa aZikhale, Esnati, namwino wa msinkhu ngati wa Consolata, anafika akuthamanga. Anaima n'kuyang'ana bambo ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adadi, mwanyamula chikwama cha matewera?"

AZikhale anayang'ana paphewa pawo, anachivula mwaulemu n'kuchipereka kwa Maynard. Anagwirana chanza ndi Mayankho ngati akuluakulu, n'kuuza Consolata kuti tsiku lobwerera awadziwitse, chifukwa mwina nawonso tikiti yawo ingasinthidwe.

Mu sitima yopita kumene Maynard ankakhala, iye anali ndi mafunso ambiri. Anafuna kumva za ulendo, za kunyumba, ngati mvula yayamba.

"Ndiye tandiuza, zinayenda bwanji?"

Consolata anali atatsamira pawindo ali m'tulo, kukamwa kuli yasa, maluwa ali pamiyendo. Mayankho anali atayamba kale kuvula nsapato. Ndipo kuchokera kwa Lisa, amene anali m'manja mwa bambo ake, kunabwera kafungo kamene kanachititsa mayi wina wachizungu kusamukira mpando wina.

Maynard anatsegula chikwama chija n'kuyamba kufufuza.

"Mayankho, mapampasi amakhala mbali iti?"