Mizu Yotuluka Magazi

Mwamva za a Lusekelo? Kuchigayo cha ku Nkhamenya aliyense amangonong'ona kuti mayi aja amakawa, eti chimanga cha anthu chimasamukira m'munda mwawo mwamatsenga. Ine ndinamva kwa Fainala, mnzanga wa pamjigo, ndipo Fainala sanama kawirikawiri.

Chinawapachika n'chakuti chaka chatha kuponi ya feteleza sanalandire. Amuna awo atamwalira dzina linasowa pamndandanda. Koma chimanga chawo, mayo ine! Chobiriwira bii, chosakaniza ndi soya ndi nandolo, pamene cha alamu awo a Mphepo, chothira matumba a sabuside, chinali chachikasu ngati chadwala malungo. A Mphepo munda umenewo ankaufuna kalekale kuti adzalemo fodya. Amati ndi wa malemu mchimwene wawo.

Tsiku lina masana anabwera ndi anthu kumunda kwa a Lusekelo, ife asungwana tili pambuyo. Anazula soya. Kumizu kunali timibulu ngati nkhupakupa zokhuta. Anafinya kamodzi ndi chikhadabo, mkati mofiira.

"Magazi awa! Mwawaona?" anakuwa a Mphepo. "Mlamu, ndi a ndani?"

Anazulanso phesi la chimanga. Dothi la kumizu linali ndi timaulusi toyera ngati ukonde wa kangaude.

"Ndi zingwe zokokera chimanga chathu," wina anatero.

"Yayi, alamu," anayankha a Lusekelo, "funsani alangizi!"

Alangizi a zaulimi, a Pius, anafikadi pa njinga yawo, thukuta kamukamu. Anati m'timibulumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timatenga chakudya mumpweya n'kupatsa mbewu, mbewu n'kutipatsa shuga. Kufiirako ndiye kuti tili moyo. Maulusiwo akuti ndi mtundu wa bowa, amapita kutali kukatapira mizu madzi ndi mchere wa m'nthaka.

"Ndiye mwavomera nokha," anatero a Mphepo. "Tosaoneka, timadyetsedwa, timakatapa kutali. Kwathu kuno timati chiyani zimenezo?"

Palibe anaseka.

Atakolola, alamu aja anawalongedzetsa a Lusekelo, pano ali kwawo ku Mzimba ndi ana. A Mphepo anaunjika mapesi munda wonse n'kuyatsa monga timawotchera nazale ya fodya, nandolo anagwetsa, ena akuti anathiramo ndi mankhwala a panazale. Eti kupha zinthuzo.

Chaka chino fodya wawo wakana. Feteleza athira, masamba ngati makutu a mbewa. Nthaka yauma gwa, mvula ikagwa madzi amangodutsa. Tsopano akuti zinthu zija sizinafe, zathawira m'munda wina, ndipo akuyenda ndi khasu m'malire, kuzula mbewu za anthu.

Dzulo popalira ndinazula mtedza wa amayi mwangozi. Timibulu mbwee kumizu konse. Ndinafinya kamodzi. Mofiira.

Ndinakwirira msangamsanga ndi phazi. Ngakhale Fainala sindinamuuze, ine amene sindisunga nkhani. Munda wathu ndi woyandikana ndi wa a Mphepo, ndipo bambo anga nawonso anatisiya. Inu, ndiuze amayi tizule mtedza wonse asanafike, kapena tiusiye?