Moni wa Dzanja Lamanzere

Kukhoti la apilo la ku Richmond tili ndi mwambo umene a makhoti ena amauseka, ati n'kutaya nthawi, koma ife timaunyadira. Maloya akamaliza kulankhula, oweruza atatu omva mlanduwo sazembera pakhomo lakumbuyo ayi. Amatsika pansanja pawo ndi mikanjo yawo yakuda, n'kudzagwira chanza maloya a mbali zonse ziwiri, ngakhale amene wangopanikizidwa kumene ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu. A Jaji Odessa Pettiford anali atatsika pansanja imeneyo zaka ndi zaka, moti za mwambowo sankaziganiziranso. Koma m'mawa wa tsiku limene anabwerera kuntchito atadwala sitiroko, m'mutu mwawo munalibe china koma chanza chimenecho.

Mwendo unali utachira, ngakhale ankaukoka pang'ono. Pakamwa panali patawongoka. Mutu ndiye unali wakuthwa ngati kale, kafunseni madokotala amene ankachita kuzemba mafunso awo. Koma dzanja lamanja linakaniratu. Linkangolendewera, zala zitapindikira m'kati, ndipo akaliiwala linkagwetsa makapu patebulo.

Mwana wawo Corinne ndiye ankayendetsa galimoto.

"Amayi, tikhoza kukhota pompano n'kubwerera kunyumba. Palibe angakusekeni."

"Yang'ana msewu, iwe."

"Ndikunena zoona. Mwagwira ntchito mokwanira. Adzukulu anu akufuna muziwaphikira payi ya mbatata, osati kulemba zigamulo."

"Payi yokanda ndi dzanja limodzi? Ukufuna ndiwaphe anawo?"

Corinne anaseka, koma misozi ili lengelenge.

Vuto la mpando umenewu n'lakuti palibe amene angakuchotsepo chifukwa cha ukalamba kapena matenda. Pulezidenti akakusankha, a nyumba ya malamulo ya Seneti n'kuvomereza, ndi wako mpaka kumanda, pokhapokha iwe mwini utanena kuti basi. Ena amaukakamira mpaka kumawodzera milandu ili m'kati, anzawo n'kumangowasenza mwaulemu ngati thumba la mchenga. A Pettiford anawaonapo otere, ndipo ankachita nawo manyazi.

"Tamvera, mwanawe," anatero galimoto itaima pakhoti. "Dzanjali silikundiopsa, kulemba ndikuphunzira ndi linzakeli. Chimene sindingapirire n'kumveredwa chisoni. Woweruza amene anzake akumuvomereza chifukwa wadwala si woweruzanso. Ndikangoziona zimenezo lero, madzulo ano ndilengeza kuti ndapuma. Ndakulonjeza."

Chisonicho anali atakhuta nacho kale. Azimayi a kutchalitchi ankawalankhula mokweza ndiponso pang'onopang'ono, ngati sitiroko imagonthetsa makutu. Mlonda wa pakhomo la khoti, munthu amene ankakangana nawo za mpira sabata iliyonse, tsiku limenelo anangoti, "Mukuoneka bwino zedi, a Jaji," maso ali pansi. Aa, mukuoneka bwino! Ndani anamufunsa?

Pokwera kupita kuchipinda chovalira mikanjo, a Pettiford anakumbukira bambo awo. A Clemmie Pettiford ankalima fodya pamunda wa eni kumwera kwa Virginia, ndipo anakalamba mzungu asanawatambasulirepo dzanja. Mwana wawo, Odessa yemweyu, anaphunzira pasukulu ya ana akuda okhaokha, mabuku ake otha ntchito ochokera kusukulu ya azungu, koma anakwera mpaka kukhala loya. Tsiku loyamba mwanayo kudzalankhula m'khoti lomweli, mdalayo anakwera basi n'kudzakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamwendo. Mlanduwo mwana wawo anagonja. Koma oweruza atatu, azungu a imvi, anatsika n'kumugwira chanza mmodzimmodzi. Pobwerera kwawo a Clemmie sananene za kugonjako n'kamodzi komwe. Ankangoti, "Anatsika okha, Odessa. Ndinaona ndi maso angawa." N'chifukwa chake a Pettiford, atakhala woweruza, sankapereka chanza cha nsonga za zala. Ankagwira mwamphamvu mpaka loya amve. Lero akanapereka chiyani? Dzanja lakufa, kapena lamanzere ngati munthu wamwano?

M'chipindamo anapeza anzawo awiri a tsikulo. A Jaji Marisol Quintero, ocheperapo msinkhu pa onse, anathamanga kudzawathandiza kuvala mkanjo. Chapazenera panaima a Jaji Carlisle Whitlow, wamkulu wa atatuwo, mdala wamtali wa tayi ya gulugufe, mwana wa loya, mdzukulu wa loya. Awiriwa anali atalimbana chiyambire. Kumene a Pettiford ankaona munthu woponderezedwa, a Whitlow ankaona lamulo likupindidwa. A Whitlow analembapo m'chigamulo kuti mfundo za mnzawoyo zili ngati mpanda wopanda mizati. A Pettiford anayankha m'chawo kuti mnzawoyo amawerenga malamulo ngati munthu amene sanagogoderedwepo pakhomo ndi apolisi. Maloya ankakonda kuwerenga ndewu zimenezi kuposa nyuzipepala.

A Pettiford anakonzekera kumva mawu olasa a mdalayo. Anali kuwalakalaka ngati madzi.

"Takulandirani, a Pettiford," anatero a Whitlow mofatsa, n'kuwatsegulira chitseko.

Mtima wa a Pettiford unangoti zii. Mdala ameneyu anali asanawatsegulirepo chitseko.

Mlandu woyamba unali wa mlimi wina, a Dewey Sizemore. Apolisi analowa m'chigafa chawo cha fodya popanda chikalata cha khoti, n'kupezamo mfuti zoletsedwa. Khoti laling'ono linapeza a Sizemore olakwa. Funso pa apilo linali limodzi: kodi chigafa ndi mbali ya pakhomo pa munthu, pamene wapolisi salowa popanda chikalata, kapena ndi kumunda chabe? Loya wa mlimiyo, a Lassiter, anati ndi pakhomo. Loya wa boma, mayi Brubaker, anati ndi kumunda.

A Pettiford anawafunsa mayi Brubaker funso lolimba, la mtundu umene kale unkachititsa loya chibwibwi.

"Funso labwino kwambiri, a Jaji," anayankha mayiwo ndi mawu ofewa ngati akutonthoza mwana.

"Sindinafunse ngati ndi labwino. Ndafunsa yankho."

"Zoonadi, a Jaji, zoonadi," ndipo anamwetulira kumwetulira kwa kuchipatala kuja.

Koma abale! A Pettiford anacheukira kwa a Whitlow, amene masiku onse ankalumphira pakati pa funso lawo kuti alipotoze. Mdalayo anali duu, akungolemba. Nyali yofiira ya patebulo la maloya inayaka, nthawi yatha, a Whitlow asanawatsutse ngakhale kamodzi.

Onse anaimirira. Wamkulu ndiye amatsogola, choncho a Whitlow anayamba kutsika, a Pettiford pambuyo, dzanja labwino litagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe. Ankamva maso a khoti lonse pamsana pawo, ndipo ankadziwa kuti Corinne wakhala kumbuyo. A Lassiter anali atatambasula kale dzanja lamanja, akudikira.

A Whitlow anafika pamaso pawo, dzanja lamanja lili kumbuyo ngati msilikali, n'kutambasula lamanzere.

A Lassiter anadodoma. Anayang'ana dzanja lawo, n'kuyang'ana la a jaji. A Whitlow sanasunthe, anangokweza nsidze. Loyayo anasinthitsa mapepala msangamsanga n'kupereka lamanzere. Mayi Brubaker, ataona zimenezo, anapukutira lawo lamanzere pasiketi n'kulikonzekera. Pamene a Pettiford ankaponda pansi, manja awiri amanzere anali atawadikira kale, ngati ndi mmene khoti limeneli lakhala likuperekera moni chikhalire. Anagwira la a Lassiter mwamphamvu mpaka loyayo anatsinzina. A Quintero pambuyo pawo anaperekanso lamanzere. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana dzanja lolendewera lija.

Milandu ina ya m'mawawo inatha chimodzimodzi, moni wonse wa kumanzere, maloya akuonerana okha. A Pettiford anathokoza mumtima. Mdani wawo anawaphimba pamaso pa anthu. Koma chimwemwecho chinabwera ndi chisoni chake. Ngati Whitlow yemwe wayamba kuwasamala chonchi, ndiye kuti zatha. Uku kunali kutsanzikana kwaulemu, ndipo lonjezo lawo kwa Corinne linali litakwana.

Analowa m'chipinda chokambirana, mmene mumalowa oweruza okha. Patebulo panali khofi ndi mabisiketi oika nyama ya nkhumba pakati. Anayamba ndi mlandu wa chigafa. A Quintero anati mtima wawo uli pawiri, akufuna amve kaye akuluakulu.

A Pettiford analankhula, akudziwa kuti mwina n'komaliza. Anati amene amatcha chigafa kuti kumunda sanalimepo fodya. Nyengo yowotcha fodya banja lonse limasamukira kuchigafa, kusonkhezera moto, kudyera komweko, ana kugona pamasaka. Iwo eni anakulira pamenepo. Ngati pamenepo si pakhomo pa munthu, ndiye pakhomo ndi pati? Atamaliza anadikira kuti amve mawu ofewa aja: mwanena bwino, a Pettiford, tikugwirizana nanu.

A Whitlow anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"A Pettiford, zimene mwanenazi ndi zamkutu."

A Quintero anatsamwa ndi khofi.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Pettiford.

"Zamkutu. Nkhani yokoma, ndinatsala pang'ono kulira, koma ubwana wanu si lamulo. Chigafa cha Sizemore chili kutsidya kwa msewu wa boma. Chilibe mpanda, chilibe loko. Munthuyu anasiya kulima fodya kalekale, amasungamo matayala. Ndani amagona pamatayala? Kapena mafayilo simunawerenge, munali kalikiliki kuzunza manesi?"

"Ndawerenga tsamba lililonse, mdala inu! Tsidya la msewu ndi malo akenso. Kapena kwanu ku Charleston munthu wosauka amayenera kumanga mpanda wa njerwa kuti apolisi amulemekeze?"

"Ayi, musandibweretsere ulaliki wa Lamulungu. Ndipatseni mlandu umodzi wokha umene khoti lalikulu linanena zimenezo."

A Pettiford anawapatsa iwiri. A Whitlow anaikana yonse, wina ati unali wa garaja yogundana ndi nyumba, winawo ati a Pettiford akuukoka ngati mphira. A Pettiford anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka masupuni analira. A Whitlow anawaloza ndi bisiketi. Mawu anakwera moti a Quintero anadzuka kukaona ngati chitseko chatsekeka bwino. Panalibe kufatsa, panalibe kuchedwetsa mawu. Mdalayo ankawaswa ndi mphamvu zake zonse, monga ankachitira iwo ali ndi manja awiri.

Pomaliza a Quintero anakhosomola. "Pepani, a Pettiford. Msewuwo ukundivuta. Ndili mbali ya a Whitlow."

"Musapepese, mwaweruza. Awiri kwa mmodzi. Ine ndilemba chigamulo chotsutsa, ndipo mudzachita manyazi nonse."

"Lembani," anatero a Whitlow. "Koma chisachedwe ngati chija cha chaka chatha. Dzanja si chifukwa, muli nalo lina."

A Quintero atatuluka, a Pettiford anatsalira pampando, akupuma mwamphamvu, thupi lonse lili thukuta. Anali asanamve bwino chonchi chidwalire.

"A Whitlow, dzanja lanu lamanja latani lero?"

"Nyamakazi," anayankha mdalayo osawayang'ana. "Yandigwira moipa."

Ankanena izi atanyamula ketulo yodzaza khofi ndi dzanja lamanja lomwelo, osanjenjemera n'pang'ono pomwe.

"Nanga m'khoti muja munangoti duu bwanji?"

"Ndimasunga mpweya. Ndimadziwa kuti muno mundithera wonse."

A Pettiford anafuna kuseka, koma m'malo mwa phwete munatuluka misozi. Anaipukuta msanga ndi mkono wa mkanjo.

"Zikomo, Carlisle."

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina loyamba. Mdalayo anafiira mpaka m'makutu.

"Zikomo wa chiyani? Ndakugonjetsani."

"Wa chimenecho."

Corinne anali atadikira pabenchi panja, makiyi a galimoto ali m'manja. Ataona maso ofiira a mayi ake anaimirira msanga.

"Amayi, mwalira? Akuchitani?"

"Ndagonja, mwanawe. Mdala uja wandinyoza pamaso pa mnzathu, ati mfundo zanga ndi zamkutu. Sanandisiyire ngakhale kamodzi."

"Munthu wopanda chisoni! Inu mwangochoka kumene m'chipatala!"

"Alibiretu, Mulungu amudalitse."

Corinne anawayang'ana ngati sitiroko yabwereranso. "Ndiye tizipita kunyumba?"

"Pita wekha, udzanditenge madzulo. Ndili ndi chigamulo choti ndilembe, ndipo ndi dzanja ili chinditengera nthawi."