Lipenga Lophonya la Malume

Masabata atatu anatha bambo osatulutsa mawu ngakhale amodzi. Sitiroko inawagwira akusita malaya, ndipo chibwerereni kuchipatala ankangokhala pa njinga ya odwala pafupi ndi zenera, thaulo pamiyendo, maso okha ali yendeyende. Mwana wawo wamkazi, amene anayamba wasiya ntchito yake ya kusaluni kuti aziwasamala, ankalakalaka chinthu chimodzi basi, kumvanso mawu awo. Adokotala anali atamuuza kuti masabata oyambirirawa ndiwo ofunika, aziwalankhulitsa osatopa. Anayesa mafunso, nthabwala, ngakhale miseche ya kusaluni, koma bambo anangoti duu.

Ndipotu tikunena munthu wolongolola, woti akayamba nkhani tiyi ankazizira m'kapu. Zaka makumi awiri anazithera m'kachipinda kotentha ka muholo ya kanema, akuonetsa mafilimu, ndipo chimene anatulukamo nacho ndi nyimbo, makamaka za ngwazi zouluka zija zomanga chinsalu m'khosi. Ankati zakale zinali ndi malipenga oti potuluka muholo unkapita kwanu ukuimba mluzu, chifuwa patsogolo, ngati nawenso unganyamule basi ndi dzanja limodzi. Za masiku ano ankati ndi jenereta yodwala chifuwa.

Wotsutsana nawo wamkulu anali mlamu wawo, malume ake a mtsikanayu, makanika wa magalimoto. Iwo ankati zakalezo n'za perete wa asilikali. Nyimbo yeniyeni ndi ya lero, ya ng'oma zogunda mpaka m'chiwindi, yoti umamva kuti dziko lilidi pamoto ndipo ngwaziyo nayo ili ndi mantha. Mkangano umenewu unali wamkulu msinkhu kuposa mtsikanayo, ndipo palibe anagonjapo.

Loweruka masana malume anatulukira ndi chisipika m'khwapa, zikhadabo zakuda ndi girisi, n'kulengeza kuti abweretsa mankhwala. Anachiika patebulo, nadina foni. Abale inu, chiphokoso chake! Magalasi a zenera ananjenjemera, supuni ikuvina m'kapu. Malume ankagwedeza mutu, akufunsa mlamu wawo ngati akumva mmene mdani wa ngwazi akuyandikirira m'nyimbomo. Bambo anangotsinzina.

Mtsikanayo anapsa mtima n'kuzimitsa chisipikacho. Anawauza malume kuti muno muli wodwala, si garaja. Malumewo, munthu wamkulu wathunthu, anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anakhala pansi, nakanda m'mutu, kenako anati chabwino, ayese ya mlamu wawo ya malipenga ija.

Anapinda dzanja pakamwa ngati lipenga n'kuyamba. Poyambira anakhoza ndithu, ngakhale mawu awo anali a chitseko chosowa mafuta. Koma atafika pamene nyimboyo imakwera, paja ngwazi imachoka pansi, iwo anatsika. Anatsika ndi mtima wonse, maso ali psii, akudzimva kukoma.

Mtsikanayo anaona chala cha bambo, cha dzanja labwinolo, chikugogoda pathaulo. Nsidze zinali zitakumana. Nkhope imeneyi ankaidziwa, ndi imene ankachita munthu akaika kapu yonyowa pa nyuzipepala yawo. Malume anabwereza, n'kutsikanso pomwe paja.

"A... ayi."

Mawuwo anali okhuthala, opendekera mbali imodzi, koma anali a bambo. Mtsikanayo anagwira pakamwa, nakhala pansi pomwepo. Ankaseka, ankalira, sankadziwa choyamba n'chiti. Bambo sanamuyang'ane n'komwe, anali ndi ntchito. Anakoka mpweya, natukula chala, ndipo kukhosi kwawo kunatuluka kanyimbo kosasa, kakukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba pake penipeni.

"Mm... mwamba," anatero, akumuloza mlamu wawo. "Mbuli."

Mtsikanayo sanasangalalepo chotere kumva munthu akunyozedwa. Anatembenukira malume kuti awathokoze, ndipo anawapeza akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, atadzipaka girisi patsaya. Anamutsinzinira diso limodzi kuti akhale chete, nakokera mpando wawo pafupi ndi njingayo.

"Pepani alamu, mutu wanga ndi wouma. Mwati imapita kuti? Tandimvereninso."

Anapindanso dzanja pakamwa, naimba bwinobwino mpaka pokwerera paja, ndipo mosamala kwambiri anaphonyanso.