Mawu Atathawa Lachitatu

Banja linali pakhonde dzuwa likupendeka, koma amayi a m'nyumbamo sanakhazikike. Ankalowa, kutuluka, kutsegula buku la maphunziro, kulitsekanso. Ankaphunzitsa kalasi yoyamba, ya ana makumi asanu ndi atatu, ndipo m'mawa mwake kunkabwera woyendera sukulu kudzaona ngati angalembedwe ntchito yokhazikika. Koma mawu anali atathawa. Akati alankhule, kunkangotuluka kamphepo.

"Lero m'nyumba muno muli mtendere," anatero amuna awo akuseka. Ataona diso limene akazi awo anawaponyera, anasintha msanga. "Ayi, ndimati muzingonong'ona, mayi. Mukhosomolenso mwamphamvu, chatsekacho chichoke."

Amayiwo anayesa. Kukhosi kunawawa ngati ameza mchenga.

Mlongo wa bamboyo, namwino amene anadzera pomwepo poweruka, anaika kapu pansi. "Achimwene, udokotala munaphunzira liti? Kunong'ona kumatopetsa khosi kwambiri, ndipo kukhosomola dala n'kukanda bala. Alamu, lero mwamwa madzi ochuluka bwanji?"

Mphunzitsiyo anapukusa mutu, natenga pepala n'kulemba: "Chimbudzi chili kuseri kwa bwalo. Ndikatuluka, ana amamenyana. Ndinasiya kumwa."

"Ndiye mumakuwa tsiku lonse kukhosi kuli gwaa, fumbi la choko pamwamba pake!" anatero namwinoyo. "Kuyambira pano musalankhule. Imwani madzi ofunda pang'onopang'ono, mupumenso nthunzi ya madzi otentha. Mawa mutenge botolo la madzi, ndipo mupangane ndi aphunzitsi oyandikana nanu kuti azikuonerani ana mukatuluka. Mawu akapanda kubwerera pakatha milungu iwiri, mubwere kuchipatala."

Amayiwo analembanso: "Nanga mawa akapanda kutuluka?"

"Sindikulonjezani, alamu," anayankha namwinoyo mofatsa. "Koma mukawakakamiza lero, mawa mudzakhala mulibiretu."

Pasanapite nthawi bambo aja anaiwala. "Mayi, malaya anga oyera ali kuti?"

"Kafuneni nokha!" anakalipa mlongo wawo. "Maso muli nawo."

M'mawa mwake woyendera sukulu anakhala kumbuyo pa kabenchi ka ana, mawondo m'mwamba, cholembera kumanja. Ana ankasokosera monga mwa masiku onse. Mphunzitsiyo anamva khosi likukonzekera kukuwa, koma anadzigwira. Anamwa madzi, nachoka pa bolodi kukaima pakati pa ana, n'kuomba m'manja kawiri. Anadikira. Phokoso linazilala mzere ndi mzere.

"Mwadzuka bwanji, ana anga?"

Mawu anatuluka aang'ono, osasa, koma anatuluka. Ana akumbuyo anasendera kutsogolo kuti amve bwino. Woyendera sukulu naye anadzuka, nakoka kabenchi kake kufika pafupi.

Phunziro: Ngati ntchito yanu ndi ya pakamwa, imwani madzi, musapikisane ndi phokoso, ndipo mawu akasasa apumitseni msanga.