Lalanje Lopanda Bala

Namwino anakoka chikope cha mayiyo n'kusuzumira m'kati, kenaka anam'tembenuza zikhatho, napukusa mutu. Mwamuna wake, amene anthu onse mumsewu mwawo ankangomutchula kuti Wamagalasi chifukwa cha ntchito yake yodula ndi kuika magalasi m'mawindo, anali chiimire pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Anali atapempha theka la tsiku kuntchito kuti aperekeze mkazi wake ku sikelo.

"Magazi atsikanso," anatero namwino uku akulemba m'buku. "Mapilitsi aja mukumwa, mayi?"

"Ndikumwa."

"Nanga masamba ndi zipatso?"

"Zimenezo ndiye musafunse," Wamagalasi anayankha mkazi wake asanatsegule pakamwa. "Ndimabwera nazo tsiku lililonse, ndipo mawa lake mbale imakhala yopanda kanthu."

Namwino anam'yang'ana pamwamba pa mandala ake, sanatsutse. Anangobwereza zimene ananena mwezi wathawo: pilitsi likamatsika lizitsagana ndi lalanje kapena gwafa, osati tiyi, ndipo masamba obiriwira asamasowe pa mbale. Kwatsala miyezi iwiri. Akafika tsiku lochira ndi magazi amenewa, kutaya pang'ono chabe kudzakhala nkhani yaikulu. Anawauza kuti abwerenso pakatha milungu itatu.

Wamagalasi sanafunike kuuzidwa kawiri. Mimba yoyamba inapita padera zaka zitatu zapitazo, ndipo iye anakhala tsiku lathunthu pa benchi ya m'khonde la chipatala, akuwerenga matailosi, pamene mkazi wake ankamuwonjezera magazi. Anali ndi mantha tsiku limenelo, ndipo mantha omwewo anabwerera nawo kunyumba kuchokera ku sikelo.

Mkazi wakeyo anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa kampani yolongedza zipatso. Ankaima pambali pa lamba woyenda, zipatso zikudutsa, iye n'kumasankha: chabwino kumanja, chilowe m'bokosi chipite kwa ogula, chokhala ndi bala kapena banga kumanzere, mu kireti ya zokanidwa. Anzake anam'patsa dzina loti Diso, chifukwa kabala kakang'ono ngati njere ya tomato sikankamudutsa. Mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi, miyendo inayamba kutupa chifukwa choima tsiku lonse, ndipo anam'patsa tchuthi.

Kugulira zipatso munthu wotere si masewera. Wamagalasi anaphunzira zimenezi ali pa chibwenzi, tsiku limene anapita ndi mango anayi atanyada. Diso anawatembenuza limodzilimodzi m'manja mwake n'kumusonyeza mabala pa atatu, akuseka mpaka misozi. Iye anasekanso, koma sanaiwale. Komanso ntchito yake nayo inali yodana ndi chilema: galasi lokhala ndi kamng'alu pakona salipaka pawindo la munthu, ngakhale mwini nyumba atakhala wosaona.

Ndiye madzulo alionse akaweruka ankaima pa tebulo la mayi wina wogulitsa zipatso pakona ya msewu. Ankakweza lalanje lililonse kuliyang'anitsa padzuwa monga amachitira ndi galasi. Ankalizunguza, kulinunkhiza, kulibweza, kutenga lina.

"Achimwene, mukugula kapena mukuyeza odwala?" mayi wa zipatsoyo ankatero. "Anthu akudikira kumbuyo kwanuko!"

Iye sankasamala. Ankafika kunyumba ndi jumbo ya zinthu zosalala ngati zojambula: malalanje, magwafa, peyala, mpukutu wa sipinachi wopanda ndi kabowo ka mbozi komwe. Diso ankazilandira ndi manja awiri, n'kuziika m'mbale yaikulu pa tebulo la pabalaza. Mawa lake madzulo mbale inkakhala ili mbee, ndipo Wamagalasi ankagona mtima uli pansi.

Patapita masiku anayi chichokereni ku sikelo, anatumidwa kukaika windo pa nyumba ina ya msewu wachiwiri kuchokera kwawo. Masana anapeza kuti tepi yoyezera waisiya kunyumba, choncho anayenda wapansi kukaitenga. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Anaima pakhomo, ndipo mkazi wake sanamuone.

Diso anali atakhuthula mbale yonse pa tebulo. Anaimirira, mimba itatsamira m'mphepete mwa tebulo, manja akuyenda okha ngati ali pa lamba uja. Kutola, kutembenuza, kumanja. Kutola, kutembenuza, kumanja. Chilichonse chinkapita kumanja. Kumanzere kunali thabwa lokhalokha.

Kenaka anayamba kugawa. Malalanje awiri anasenda n'kuwaika pa sosala ya apongozi ake, bambo ake a Wamagalasi, amene anasamukira m'nyumbamo chaka chatha ndipo anali pa mpando wawo pawindo, wailesi ili pa bondo. Peyala analikulunga m'pepala, n'kulipatsira mayi woyandikana nawo nyumba kudzera pa mpanda, poti mwana wake wamkazi anali atangotuluka m'chipatala. Magwafa anawadula n'kuwaika m'kabokosi ka chakudya kamene mwamuna wake adzanyamule mawa. Wamagalasi anakazindikira kabokosiko. Ankadya magwafawo masana alionse pamwamba pa makwerero, akuganiza kuti ndi otsala.

Diso anapukuta tebulo, nadzithirira tiyi, namwera pilitsi lake.

"Nanga zanu zili kuti?" Wamagalasi anafunsa.

Mkaziyo anadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pa sosala. "Ii, inu! Mwalowa liti?"

"Ndikufunsa zanu, mayi."

"Panalibe lero."

"Panalibe chiyani? Mbale inali yodzaza!"

"Panalibe chokanidwa." Anayankha mosavutika, ngati akumuuza nthawi. "Zonse zinali zabwino."

Wamagalasi anakhala pa mpando. Anafunsa bwinobwino, ndipo anamva zimene akanazimva kalekale akanafunsa. Kukampani kuja lamulo linali limodzi: wosankha sadya cha m'bokosi. Ukapezeka ukutafuna chakumanja, ntchito yatha tsiku lomwelo. Koma kireti ya kumanzere inali yawo. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pansi kuseri kwa shedi ndi timipeni tawo, kuchotsa powola, kudya mpaka kukhuta. Zaka khumi ndi chimodzi Diso ankadya zipatso zambiri kuposa aliyense mumsewu mwawo, ndipo chilichonse chinali ndi bala. Chiyambire tchuthi, kireti ija anaisiya komweko.

"Nanga sipinachi?"

"Amakwana inu ndi apongozi. Akaphikidwa amachepa, mukudziwa. Ine ndimapaka msuzi."

"Masiku onsewa?"

"Chinthu chabwino chimapita kwa anthu, bambo. Ndingakhale pansi ine n'kudya lalanje losalala chonchi, apongozi ali apo?"

Apongoziwo anatsitsa wailesi. Anayang'ana sosala, anayang'ana mwana wawo, kachidutswa ka lalanje kali m'kamwa. "Ine ndimaona ngati mwadya kale," anatero, ndipo anameza movutika.

Wamagalasi anakalipa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anatchula namwino, anatchula benchi ya m'khonde lija. Diso anamvetsera mutu uli pansi, navomera zonse. Analonjeza kuti mawa adya.

Mawa lake anayesadi. Wamagalasi anachedwa dala kupita kuntchito kuti aone. Mkazi wake anatola lalanje, nalitembenuza, ndipo dzanja linapita kumanja lokha. Analibweza, nalisenda theka, nadya kachidutswa kamodzi ngati munthu amene akuba. Mayi woyandikana nawo uja atagogoda kudzabwereka ayironi, lalanjelo linatuluka naye limodzi. Diso sanachite mwano. Anangoona munthu pakhomo, ndipo m'manja mwake munali chinthu chabwino.

Tsiku limenelo Wamagalasi anadula galasi limodzi molakwika, koyamba m'zaka zambiri. Abwana ake anam'funsa ngati akudwala.

Madzulo anaima pa tebulo la mayi wa zipatso monga mwa masiku onse. Anasankha monga mwa masiku onse, chifukwa kusankha chowola sakanatha ngakhale atafuna, ndiponso chowola sichinali choti adyetse munthu woyembekezera. Atakhota pakona, anaima pansi pa mtengo wa magetsi, natsegula jumbo. Anatulutsa lalanje limodzi. Linali lokongola zedi. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala chachikulu pambali pake, nadina mpaka khungu linabonyoka. Zinali ngati wamva galasi likusweka. Anadina lachiwiri, lachitatu, anadina magwafa ndi peyala. Sipinachi anamugawa pawiri, mpukutu umodzi n'kuung'amba masamba m'mphepete. Anasiya malalanje awiri osakhudza, a bambo ake.

Kunyumba Diso analandira jumbo ndi manja awiri. Sanadikire mawa. Anakhuthulira patebulo, manja n'kuyamba ntchito yawo. Awiri anapita kumanja. Lachitatu analitembenuza, n'kuima. Analiyandikitsa kumaso, nalowetsa chala chake m'chibonyo muja, ndipo panatsala malo.

"Bala ili si la kugwa," anatero osadzutsa mutu. "Si la kireti. Ndi chala cha munthu, chachikulu ndithu."

"Lingalowe m'bokosi?" Wamagalasi anafunsa akuvula nsapato.

Diso analitembenuzanso kamodzi.

"Silingalowe."

Analiika kumanzere. Lotsatira nalonso kumanzere, magwafa kumanzere, peyala kumanzere, mpaka mulu unakwera. Kenaka anakoka mpando, natenga kampeni, nakhala pansi. Anadya malalanje awiri motsatizana, madzi akuyenderera m'chigongono, osayang'ana munthu. Sipinachi wong'ambika uja anamuphika m'kapoto kakekake.

Zinapitirira choncho madzulo alionse. Mayi wa zipatso anamuona tsiku lina ali pansi pa mtengo wa magetsi, ndipo anauza anzake kuti Wamagalasi mutu wayamba kusokonekera: munthu kutha theka la ola akusankha, n'kukaziwononga yekha pakona.

Milungu itatu itakwana anabwerera ku sikelo. Namwino anakoka chikope, anatembenuza zikhatho, natumiza magazi kukayezetsa. Pepala litabwera analiwerenga kawiri.

"Akwera. Sanafike pamene ndikufuna, koma akwera. Musasiye." Anatseka buku. "Chasintha n'chiyani kunyumbako?"

Wamagalasi anayang'ana chipewa chake. Diso anali akumanga nsapato movutikira, mimba itatsekereza.

"Palibe," anatero. "Kungoti amuna angawa masiku ano sadziwanso kugula zipatso."