Mpunga wa pa Webusaiti

Chaka cha njala chija, magalimoto a chimanga cha thandizo anadutsa pa Nsanama, nakafika m'midzi yozungulira Nayuchi. Koma kalabu ya alimi a mpunga ya Tiyanjane anailambalala.

Wapampando wa kalabuyo anali mayi Lukiya, ndipo mwana wa achimwene awo, Mubarak, ankapanga mawebusaiti ku Balaka. Zaka za m'mbuyo, mvula ikadali ndi chisoni, Mubarak anapangira kalabuyo tsamba la pa intaneti. Pamwamba anaikapo chithunzi cha dimba la azakhali ake, mpunga utawerama ndi ngala, ndi mawu akuti: "Chaka chino takolola zochuluka!" Chaka chakecho sanalembe.

Mvula itakana, madzi a nyanja ya Chiuta atathawa m'madambo, azakhali anaimba foni.

"Bambo, ufufute zija. Anthu akuimba kufuna mpunga, pomwe ife tikudya nyika, mizu ya m'dambo ija."

"Ndikonza, azakhali," anatero Mubarak.

Koma mnzake Yoram, amene ankagawana naye kachipinda kogwiriramo ntchito, anaseka.

"Aise, wapenga? Tsamba limenelija ndi lomwe umaonetsa makasitomala. Ukaikapo nthaka yong'aluka, ndani akupatse ntchito? Njala sigula malonda."

Mubarak anamvera. Anapitiriza kulemba malangizo pa tsamba lake: zithunzi zikhale zopepuka kuti zitseguke msanga pafoni, mitundu isachuluke, zilembo zioneke bwino. Anthu a m'tauni ankamuyamikira. Kuyamikira kwa m'tauni n'kotchipa, sikufuna ndiwo.

Tsiku lina analowa mayi Lilian, alangizi a zaulimi a ku Nayuchi, fumbi lili m'miyendo. Anakana mpando.

"Ndafunsa ku bungwe logawa chimanga lija chifukwa chimene analambalalira Tiyanjane," anatero. "Chimanga chinali chochepa, midzi yambiri. Wina ku ofesi kwawo, amene sanapondepo kuno, anatsegula tsamba lanu. Anati awa ali ndi chakudya, ayambe ena."

"Koma chithunzicho n'chakale!"

"Iyayi, a Mubarak. N'chakale kwa inu amene munachijambula. Mlendo akawerenga 'chaka chino' amati ndi chaka chomwe iye ali. Tsamba silikalamba lokha ngati munthu. Mwini akapanda kulisintha, limanamabe ndi nkhope yosalala."

Yoram anayang'anitsitsa laputopu yake ngati muli mpira.

Mubarak anakwera sitima ya ku Nayuchi. Anapeza azakhali akusinja madeya, chitenje atachikulunga kawiri m'chiuno kuti chigwire.

"Salaam aleikum, azakhali."

"Aleikum salaam. Wabwera nawo mpunga wako wa m'foni uja? Poto ndatsuka kale."

Mubarak anatulutsa foni yake. Anajambula dambo louma, nkhokwe yopanda kanthu ndi madeya a mu mtondo, atapempha kaye chilolezo kwa eni ake. Anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, nasintha tsamba lonse, tsiku ndi chaka zili pamwamba penipeni. Ntchitoyo inatha dzuwa lisanasunthe n'komwe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuwawa kwambiri.

Mayi Lilian anatumiza tsambalo ku bungwe lija. Pa ulendo wotsatira, chimanga chinafika ku Tiyanjane.

Mubarak anabweranso, nkhope itamasukako.

"Azakhali, mvula ikagwa ndidzajambulanso dimba lanu lija. Tidzalemba ndi tsiku lomwe."

Mayi Lukiya anapitiriza kupeta chimanga, osadzutsa mutu.

"Ukapemphe kwa a Chande, ogula mbewu aja. Dimbalo ndinawagulitsa mwezi umene galimoto inatilambalala. Adzukulu anga sakanadya chithunzi."

Mubarak anayang'ana kudambo. Mnyamata waganyu wa a Chande anali akukonza kale migula.

Phunziro: Chimene waika pa intaneti chimayankhula m'malo mwa anthu amene sangapite kukadziyankhulira okha. Lembapo tsiku, sintha zinthu zikasintha, ndipo mwini nkhani akati "fufuta", usakafunse mnzako amene anagona atakhuta.